Kusambitsa Abusa ku Halifax

Faifi koloko m'mawa, kunja kudakali bii,
chisanu chaluma mawindo a nyumba ya okalamba.
Ndavala magolovesi, ndanyamula beseni,
ndikukasambitsa munthu wa Mulungu.

Abusa Ackroyd analalikira zaka makumi anayi
m'tchalitchi chomwe lero akugulitsiramo makapeti.
Tsopano mawu anawathawa onse
ngati mbewa zothawa moto wa tchire.
Latsala dzina limodzi.
Desmond.
Desmond, madzi azizira. Desmond, tseka chitseko.

Mlongo wawo anandinong'oneza pakhonde,
maso ali pa nsapato:
sanakwatire, achimwene.
Desmond ankaliza limba m'tchalitchimo,
nyumba zinayandikana, mpanda unali ndi kachipata.
Atamwalira, abusa omwewa ndiwo anamuika,
mawu osanjenjemera, msozi osagwa,
mpingo wonse utawatong'olera maso.

Ine kalasi ndinaphunzira ku Mvera,
a Gwengwe ali ndi kabuku kuno, kamtengo uku.
Ankati munthu amabadwa wokhota
ngati chinangwa chomera pamwala,
ankati thupi ndi mbuzi,
ukangolekerera chingwe yalowa m'munda wa eni.
Ndinaloweza. Ndinakhoza. Ndinabatizidwa.
Kenaka mbuzi yanga inadula chingwe.
Chaka chathunthu ndinakhala benchi yakumbuyo,
mgonero ukundilambalala, mimba ikukula,
mwini mimba akuyimba besi kutsogolo.
Tchimo langalo lero lili folomu fili,
limakhoza masamu, limandiyimbira foni Loweruka
kundikumbutsa za fizi.

Lamlungu tikasonkhana ku Bradford, ife akwathu,
m'holo yobwereka yonunkha utoto,
amati dziko lino lavunda,
ndipo ine ndimavomera ameni.
Sindinama, ndimavomera, mokweza.

Koma Lolemba ndili pano ndi thaulo.
Khungu lawo lili ngati pepala lonyowa.
Ndimatsuka m'khwapa, kumsana,
ndi kuja sititchula,
ndipo sindinapezebe pomwe tchimo limagona.
Ndimapeza chipsera cha opareshoni,
chilonda cha bedi chomwe ndimalemba m'faelo,
ndi mchombo, wofanana ndi wanga,
chidindo chakuti nawonso anabwera akulira,
asanasankhe kanthu.

Ambuye, ndifunseko.
Ngati chipulumutso chili ngati malipiro anga,
owerengedwa pa ola, odulidwa ukachedwa,
ndani wa ife adzasainire?
Ngati kulapa ndiko khomo,
awa anaiwala chomwe angalape,
anaiwala ngakhale dzina Lanu.
Kodi chikhulupiriro chimathera limodzi ndi ubongo?
Kapena ndi Inu mumagwira,
ife zala zitaleka?
Ndipo zomwe zinkadutsa pa kachipata kaja,
supu, mankhwala, mwina zinanso,
mudzaziika mulu uti?
Ine sindikudziwa.
A Gwengwe akanayankha msanga,
koma a Gwengwe sanasambitsepo munthu.

Chomwe ndikudziwa n'chakuti Inunso munavala thupi,
losuluka, lotuluka thukuta, lomva ludzu,
ndipo litazizira linafuna manja a anthu
kuti alipukute, alikulunge.
Simunanyansidwe nalo.
Munauka nalo, mabala ali pomwepo.

Ndikuwapukuta kumapazi,
mwadzidzidzi andigwira pamkono,
mphamvu ngati za mwana wakhanda,
maso otuwa andifunafuna kumaso.
Desmond?

Pa maphunziro a ntchito anati tisamawatsutse.
Ku Mvera anati tisamaname.
Ndaima pakati, beseni likuzizira.

Ndili pano, ndatero.

Apumira m'mwamba, asiya mkono, atsinzina.
Sindikudziwa ngati ndanama,
kapena ngati mawuwo anali anga n'komwe.

Ndataya madzi m'sinki,
atuwa ndi sopo, ofanana ndi a wina aliyense.
Chipinda chotsatira belu likulira.
Kunja basi yoyamba yakwera chitunda,
magetsi ake akuboola nkhungu
pang'ono pokha, pokwanira kuona msewu.